Mwana Wamng'ono Akatsegula M'mimba: Zoyenera Kuchita Pakhomo

Usiku umene mwana wanga woyamba anatsegula m'mimba zenizeni, ali ndi chaka ndi miyezi 7, ndinachezera kuwerenga matewera. Anayi, asanu, asanu ndi limodzi. Maganizo anga onse anali pa funso limodzi lokha: ndimumwetse chiyani kuti zimenezi zisiye? Kutacha tinapita kuchipatala, ine nditakonzeka kufotokoza maonekedwe ndi fungo la thewera lililonse. Namwino anandimvetsera pang'ono, kenaka anandidula: "Mayi, wakodza komaliza nthawi yanji?" Ndinangoti kukamwa yasa. Usiku wonse ndinkalondera chimbudzi, pomwe choyenera kulondera anali madzi a m'thupi mwa mwanayo.

Zonse zimene ndalemba pansipa zachokera pa funso la namwino uja. Ana ambiri a chaka chimodzi mpaka zitatu amatsegula m'mimba chifukwa cha mavairasi, makamaka rotavirus ndi norovirus, ndipo matendawa amatha okha pakapita masiku 5 mpaka 7. Palibe piritsi lopha mavairasi amenewa. Chimene chimagwetsa mwana ndi madzi ndi mchere zimene zikutuluka limodzi ndi chimbudzicho. Munthu wamkulu ali ndi nkhokwe yaikulu ya madzi m'thupi, koma kamwana ka makilogalamu 10 kakataya theka la lita, ndiye kuti kataya gawo limodzi mwa magawo 20 a kulemera kwake konse, ndipo zizindikiro zimakhala zayamba kale kuoneka. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limawerengera kuti ana osakwana zaka 5 oposa 400,000 amamwalira ndi matendawa chaka chilichonse. Akuluakulu amati madzi akatayika sawoleka. Awa okha amabwezeka, ndipo ntchito yanu pakhomo ndi imeneyo.

1. Musanagwire kapu, muyang'aneni mwanayo

Azaumoyo amati mwana watsegula m'mimba akachita chimbudzi chamadzi katatu kapena kuposa pa tsiku limodzi. Kachimbudzi kofewa kamodzi atadya zipatso zambiri si matenda.

Mutengereni powala, ngati ndi usiku yatsani nyali, ndipo muone zinthu izi. Kodi akusewera, kukangana nanu, kulimbirana zinthu monga mwa masiku onse? Kapena akungolira osatonthola, kapenanso wangoti lobodo? Maso ake ali monga muwadziwira, kapena alowa m'kati? Pa maso apa inu mayi kapena bambo ndinu katswiri kuposa dokotala, chifukwa ana ena anabadwa ndi maso olowa. Mupatseni madzi muone: akumwa mwachizolowezi, akumwa mwaphuma ngati wachokera kutali, kapena akulephera n'komwe kumeza? Akalira misozi ikutuluka? M'kamwa muli malovu kapena mwauma? Ngati liwombo lake silinatsekeke, ligwireni pang'ono mumve ngati lalowa.

Kenaka tsinani khungu. Mugonekeni chagada, gwirani khungu la pamimba, pakati pa mchombo ndi m'mbali, ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, osati ndi zikhadabo. Likwezeni kwa kamphindi, n'kulisiya. Kwa mwana amene ali ndi madzi okwanira limabwerera nthawi yomweyo. Likachedwa pang'ono, madzi achepa. Likaimirira ngati khwinya la nsalu kupitirira masekondi awiri, madzi atha kwambiri.

Ndiyeno mkodzo. Thewera lodzaza chimbudzi chamadzi limabisa mkodzo, n'chifukwa chake ine ndinasochera. Mukangomusintha, muzisuzumira pakapita kanthawi kuti muone ngati wanyowetsa. Mkodzo wochepa, wachikasu kwambiri ndi wonunkha ndi chenjezo. Akatha maola 6 mpaka 8 osakodza, musadikirenso.

Mwana amene akusewera, akumwa, akukodza, maso ali bwino, ndi wosamalira pakhomo. Amene ali ndi ziwiri mwa izi, kulira kosatonthola, maso olowa, ludzu lalikulu, khungu lochedwa kubwerera, aonedwe ndi azaumoyo tsiku lomwelo, mukumumwetsa ORS (madzi osungunuliramo paketi ya mchere ndi shuga, obwezera madzi m'thupi) m'njira monse. Koma pali zina zimene sizifuna kukambirana, ngakhale pakati pa usiku:

- walefuka, akungogona, akuvuta kudzutsa, kapena wakomoka
- akulephera kumwa kapena kuyamwa, kapena akusanza chilichonse chimene wamwa
- m'chimbudzi muli magazi, kapena chikutuluka chakuda bii
- chimbudzi chikutuluka chambiri, choyera ngati madzi otsukira mpunga, chomwe ndi chizindikiro cha kolera
- masanzi ndi obiriwira ngati ndulu, kapena ali ndi magazi
- mimba yatupa ndi kulimba, kapena akulira mokuwa n'kupinda miyendo, kusiya, n'kuyambiranso
- akugwedezeka thupi ngati wakhunyu, khosi lauma, kapena akupuma mothamanga
- manja ndi mapazi zazizira, khungu latuwa
- thupi latentha kwambiri

Pa kutentha thupi ndionjezepo mawu. Kutsegula m'mimba nthawi zina kumangoperekeza matenda ena: malungo, chibayo, chikuku, matenda a m'khutu kapena a njira ya mkodzo. Kumadera kumene kuli malungo, mwana wotentha thupi ayezedwe magazi, musangoti ndi m'mimba basi. Mwana wonyentchera kapena wotupa mapazi, wa HIV, kapena wa matenda ena a mgonagona apite kuchipatala tsiku loyamba lomwe. Kwa mwana wonyentchera kutsina khungu kumanamiza, ndipo kamwedwe kake ka madzi kali ndi malamulo akeake. Khanda losakwana miyezi 6 nalonso si la malangizo ano.

2. Sungunulani ORS, ndipo musungunule molondola

Yambani pa chimbudzi chamadzi choyamba, musadikire kuti maso alowe.

Sambani m'manja ndi sopo. Tengani madzi abwino akumwa. Ngati mukuwakayikira, awiritseni abwate kwa mphindi imodzi yathunthu, n'kuwasiya azizire. Werengani papaketi kuti ndi ya madzi ochuluka bwanji: ambiri ndi a lita imodzi, koma alipo a 200 ml ndi a 500 ml. Yezani madziwo ndi botolo limene mukudziwa kukula kwake, osati mongoganizira. Khuthulani paketi yonse, takasani mpaka ufa wonse usungunuke, vundikirani. Zikatha maola 24, tayani zotsala musungunule zina.

Zolakwika zimene ndaziona kwambiri ndi zitatu. Wina amathira theka la paketi m'kapu imodzi kuti "akhale amphamvu". Ameneyo ndi mchere wochuluka, ndipo mchere wochuluka m'magazi a mwana umafika pomugwedeza thupi ndi kuwononga ubongo. Wina amaonjeza shuga kapena juwisi kuti azikoma. Wina amasungunulira mumkaka. Zonsezi zimasokoneza muyezo, ndipo mphamvu ya ORS ili mu muyezomo. Mu lita imodzi mumakhala magalamu 2.6 a mchere, 13.5 a shuga wa glucose, 1.5 a potassium chloride ndi 2.9 a citrate. Manambalawa sanangotoledwa. M'matumbo muli tizipata timene timalowetsa mchere m'thupi pokhapokha utabwera limodzi ndi glucose, ndipo mchere ukalowa madzi amautsatira. Matenda otsegula m'mimba amasokoneza njira zina zomwera madzi, koma tizipata timeneti timagwirabe ntchito. Shuga akachepa, mchere umasowa woulowetsa. Akachuluka, amatsalira m'matumbo n'kumakoka madzi kuchoka m'thupi, chimbudzi n'kuwirikiza.

Nkhani imodzi imandilimbitsa mtima ndikamasungunula madzi amenewa. Mu 1971, pa nkhondo ya ufulu wa dziko la Bangladesh, kolera inabuka m'misasa ya anthu othawa kwawo ku Bangaon m'dziko la India. Madripi anaperewera. Dokotala wa ana, Dilip Mahalanabis, anayamba kusungunula mchere ndi shuga m'madiramu, n'kupatsa abale a odwala makapu kuti azimwetsa okha. Imfa zinatsika kuchoka pa odwala pafupifupi 30 mwa 100 alionse kufika pa osakwana 4. Amene ankagwira makapuwo sanali madokotala, anali anthu wamba ngati inu ndi ine.

Ngati mulibe paketi ndipo simungaipeze msanga, konzani nokha: lita imodzi ya madzi abwino, masupuni aang'ono a tiyi 6 a shuga, ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Supuni zikhale zosalaza, pitsani mpeni pamwamba kuti pasakhale kaphiri. Lawani musanamupatse: asawawe mchere kuposa misozi. Akapitirira, tayani muyambirenso. Madzi opanga nokhawa ndi ongogwirizira pomwe wina wathamangira paketi, chifukwa alibe potassium, mchere wina umene thupi limataya, ndiponso dzanja la munthu wosagona limalakwitsa muyezo.

3. Kumwetsa: apa ndi pamene pali ntchito

Muyezo wake ndi uwu. Mwana wosakwana zaka 2 amwe 50 mpaka 100 ml akangochita chimbudzi chamadzi, pafupifupi kota mpaka theka la kapu yaikulu. Wa zaka 2 kupita m'tsogolo amwe 100 mpaka 200 ml. Akafuna ena, mupatseni. Kunena n'kosavuta. Kumwetsa mwana wa zaka ziwiri amene watseka pakamwa kuti gwa ndi nkhani ina.

Musamupatse kapu yodzaza kuti agugudize. Mimba yodwala ikalandira madzi ambiri nthawi imodzi imabweza onse. Mukhazikeni pamiyendo panu, mutu uli m'mwamba, ndipo muzimupatsa supuni yaing'ono imodzi pa mphindi imodzi kapena ziwiri zilizonse. Supuni imeneyi ndi 5 ml chabe, imaoneka yachabechabe. Koma pang'onopang'ono ndi mtolo: supuni imodzi pa mphindi ziwiri zilizonse ndi 150 ml pa ola, pa mphindi iliyonse ndi 300 ml. Sirinji yopanda singano imathandiza kwambiri. Ilowetseni cha m'mbali, mkati mwa tsaya, n'kufinya pang'onopang'ono. Musapoperere kukhosi, angatsamwe. Musamutsine mphuno, ndipo musamwetse mwana amene wagona tulo tofa nato kapena amene sakutsitsimuka.

Akasanza, musataye mtima. Dikirani mphindi 10, n'kuyambiranso mochedwerapo, supuni imodzi pa mphindi ziwiri kapena zitatu. Masanzi amaoneka ambiri akamwazika pansalu, koma gawo lina la madziwo limakhala litalowa kale m'thupi. Kusanza kumakonda kuvuta tsiku loyamba ndi lachiwiri, kenaka kumazirala.

Pa ulendo wachiwiri umene mwana wanga uja anadwala, ndinali nditaphunzira. Ndinakhala naye pansi nditatsamira khoma, foni ili pambali ikundionetsa nthawi, kapu ili pakati pa mapazi anga. Supuni zitatu zoyamba analavula, ina inathera m'khosi mwa malaya. Ndinamwetsa kaye chidole chake, kenaka ndinamwa ine, ndikunyambita milomo ngati ndalawa uchi. Anandiyang'ana mokayikira, n'kuyasama. Tinapitiriza choncho: chidole, amayi, mwana. Patatha ola ndi theka kapu inali itatha, ndipo cha m'bandakucha ndinamva kutentha pamwendo panga. Sindinasangalalepo ndi mkodzo ngati tsiku limenelo.

Njira zina zonyengerera: madzi ozizirirapo amamweka bwino kuposa ofunda, kapu imene amaikonda kapena kachubu koyamwira zimathandiza, ndipo ana ena amalola akagwira okha supuni. Dziwaninso kuti mwana amene madzi sanamuthere nthawi zambiri amakana ORS chifukwa cha mchere, pomwe amene watha madzi amamwa mosanyinyirika. Ngati akukana koma akusewera, akukodza, akuyamwa ndi kumwa madzi ena, musalimbane naye mpaka nonse kulira. Amene akukana chifukwa chofooka ndiye wothamanga naye.

Ngati waonetsa kale zizindikiro zakuchepa madzi ndipo chipatala chili patali, muyezo umene azaumoyo amatsata ndi 75 ml pa kilogalamu iliyonse ya mwana, pa maola 4. Wa makilogalamu 10 amwe 750 ml, kutanthauza pafupifupi masupuni aang'ono atatu pa mphindi 5 zilizonse. Yambani pomwepo, pitirizani muli pa ulendo. Zikope zikayamba kutupa, ndiye kuti ORS wakwana: imani kaye, mupatseni bere kapena madzi wamba.

Chinthu chimodzi chimagwetsa makolo ambiri mphwayi. ORS saletsa kutsegula m'mimba. Mumamwetsa, pakapita mphindi zochepa thewera ladzaza, inu n'kumati madziwa akungodutsa, mwinanso ndi amene akuonjezera. Ayi. Matumbo a mwana amatakasika akangolandira kanthu m'mimba, ndipo chotulukacho chikanatulukabe. Mukasiya kumwetsa, chimbudzi chingachepe ndithu, koma chifukwa choti mwanayo akuuma.

4. Zakumwa zina

Woyamwa ayamwe, kawirikawiri ndiponso nthawi yaitali kuposa masiku onse. Palibe chifukwa chilichonse chomuchotsera kubere pa nthawi imeneyi, ndipo ngati munali m'kati momuletsa kuyamwa, imitsani kaye. Ana ambiri odwala amakana zonse koma bere. Ngati amamwa mkaka wa m'chitini, pitirizani ndi muyezo wa nthawi zonse, osausukulutsa ndi madzi ambiri. Madzi wamba, madzi a mpunga wophika ndi msuzi wosachuluka mafuta ndi zabwino kuonjezera pa ORS. Madzi wamba okhaokha tsiku lonse, opanda chakudya kapena ORS, sabwezera mchere umene watayika.

Zoyenera kubisa: zakumwa za m'mabotolo zotsekemera ndi zagasi, juwisi, makamaka wa maapozi, tiyi wothira shuga wambiri, khofi, ndi zakumwa zopatsa mphamvu. Ena amati chakumwa chagasi ukachisiya kuti gasi athe chimakhala mankhwala. Gasi amatha, shuga satha, ndipo mchere mulibemo. Ngakhale zakumwa za ochita masewera sizilowa m'malo mwa ORS.

5. Musamumane chakudya

Maganizo oti mimba ipumule kaye ndi akale, ndipo amavulaza ana. Khungu la m'kati mwa matumbo limadzikonza lokha pa masiku ochepa, koma limafuna chakudya kuti litero. Mwana womanidwa chakudya amachira mochedwa, amatsika sikelo, ndipo wotsika sikelo sachedwa kudwalanso.

Kusanza kukangochepa, yambani. Mupatseni pang'ono koma pafupipafupi, kasanu kapena ka 6 pa tsiku, zakudya zofewa zimene anazolowera: phala, mpunga, mbatata yophika, dzira lopsa bwino, nsomba kapena nkhuku yonyenyanyenya, masamba ophika, yogati wopanda shuga. Nthochi yakupsa imabwezera potassium. Thirani supuni yaing'ono ya mafuta ophikira m'chakudya chake kuti kochepa komwe wadyako kakhale ndi mphamvu. Ino si nthawi yomuyesa zakudya zatsopano, ndipo maswiti, mabisiketi otsekemera ndi zokazinga kwambiri zidikire. Chakudya chikhale chophikidwa kumene. Chogona chitenthetsedwe mpaka chituluke nthunzi.

Akadya masupuni atatu n'kutembenuza mutu, musamukakamize, mubwerenso pakapita ola. Tsiku loyamba kumwa ndiko kofunika kuposa kudya.

Za mkaka wa ng'ombe: ana ambiri amapitiriza popanda vuto. Owerengeka amavutika kugaya shuga wa mumkaka kwa masiku kapena masabata angapo matendawa atadutsa. Mudzaona kuti akangomwa mkaka mimba ikulira, ikudzaza mpweya, chimbudzi chikutuluka chathovu ndi chowotcha matako. Zikatero chepetsani mkaka, yesani yogati, ndipo kafunseni azaumoyo musanauchotseretu.

6. Zinki, masiku onse

Kuyambira mu 2004, WHO ndi UNICEF amalangiza kuti mwana wotsegula m'mimba alandire ORS pamodzi ndi mankhwala a zinki. Pa malangizo a mu 2004, kwa mwana woposa miyezi 6 muyezo unali 20 mg kamodzi pa tsiku, kwa masiku 10 mpaka 14, koma mu 2024 WHO inatsitsa muyezowu, choncho tsatani umene azaumoyo akuuzeni. Zinki amafupikitsa matenda, amachepetsa chimbudzi, ndipo amathandiza kuti mwana asadwalenso msanga pa miyezi iwiri kapena itatu yotsatira.

Mapiritsi ake ambiri ndi osungunuka. Ikani limodzi pasupuni, donthezani madzi abwino, ORS kapena mkaka wa m'mawere, dikirani kamphindi lisungunuke, mumwetse. Ana ena amachita nseru ndi zinki, choncho mupatseni atadyako kanthu. Vuto lalikulu ndi ife makolo: tsiku lachinayi mwana wayamba kuthamanga, mapiritsi n'kuiwalika pawindo. Lembani masiku papepala, muzichonga. Phindu loteteza lija limadalira kumaliza.

7. Mankhwala oti musagule

Oletsa kutsegula m'mimba, monga loperamide, si a ana aang'ono. Amaumitsa matumbo kuti asayende, madzi n'kumadzazana m'kati momwemo osaoneka, mimba n'kutupa, mwana n'kumangogona. Thewera limakhala louma, inu n'kumati wachira, pomwe zinthu zikuipira m'kati. Oletsa kusanza ogula popanda dokotala nawonso amagonetsa mwana, ndiye amwa bwanji?

Maantibayotiki sapha mavairasi. Flagyl kapena mankhwala otsala a mwana wina kapena a matenda apitawo sangathandize, ndipo iwo eniwo amatha kutsegulitsa m'mimba chifukwa amapha mabakiteriya abwino a m'matumbo. Ali ndi malo ake, monga pa kamwazi ndi kolera, koma wosankha akhale dokotala. Ngati mwana wayamba kutsegula ali m'kati momwa maantibayotiki amene anapatsidwa kuchipatala, musawasiye panokha, kafunseni. Chilichonse chotsuka m'mimba, chomwa kapena chopopera kumatako, ndi choopsa kwa mwana amene akutaya kale madzi.

Akatentha thupi, panado wa ana pa muyezo wa kulemera kwake ndi wokwanira pomwe mukukonzekera kukamuyezetsa. Ibuprofen amavutitsa impso za mwana amene madzi achepa, ndipo asipulini si wa ana.

Mwina wina akuuzani kuti ndi mano akumera, zisiya zokha. N'zoona kuti zimakonda kukumana, chifukwa pa msinkhu umenewu mwana amaika chilichonse m'kamwa. Koma dzino silitulutsa chimbudzi chamadzi ka 6 pa tsiku, ndipo madzi amatha chimodzimodzi kaya dzino likumera kaya ayi.

8. Matako, manja ndi ena onse a m'nyumba

Chimbudzi chamadzi chimawotcha. Pofika tsiku lachiwiri matako amafiira, mwana n'kumalira mukangogwira thewera. Musinthe msanga akangochita. Tsukani ndi madzi ofunda, osakhula, ndipo pewani timapepala topukutira tonunkhira. Gusani pang'onopang'ono ndi nsalu yofewa, musiyeni kanthawi opanda thewera kuti papite mphepo, kenaka pakani Vaseline kapena mafuta okhala ndi zinc oxide mokhuthala. Pakatuluka tizilonda tofiira tofalikira mpaka m'mphechepeche, akaone azaumoyo. Ngati munayamba kumuphunzitsa poti ndipo wayambanso kudziipitsira, musamukalipire, sakuchitira dala.

Chimbudzi cha mwana anthu amachiyesa chosaopsa, koma cha mwana wodwala chimadzaza tizilombo, ndipo rotavirus amakhala wamoyo kwa masiku pa zidole, zitseko ndi pansi. Tayani chimbudzicho m'toileti. Matewera ochapa achapidwe paokha ndi sopo, kutali ndi ziwiya ndi madzi akumwa. Sambani m'manja ndi sopo ndi madzi oyenda mukamusintha, musanaphike, musanamudyetse, ndipo muzimusambitsanso iye manja. Mankhwala opaka m'manja aja sagwira bwino pa norovirus, sopo ndiye weniweni. Pamene pagwera chimbudzi kapena masanzi pukutani ndi madzi a klorini. Akhale ndi kapu, supuni ndi thaulo lakelake. Kusukulu ya mkaka kapena kosewera ndi anzake abwerere patatha masiku awiri chisiyireni kutsegula ndi kusanza.

9. Kulondera

Tengani pepala. Lembani nthawi imene wachita chimbudzi, wasanza, wakodza, ndi kuchuluka kwa zimene wamwa. Mutu wa munthu wosagona susunga kanthu, ndipo mukakafika kuchipatala pepalalo lidzayankha mafunso m'malo mwanu. Ngati muli awiri, gawanani usiku. Mwana wotopa agone ndithu, koma ngati madzulo anataya madzi ambiri, muzimudzutsa pakapita maola awiri kapena atatu kuti amwe. Mwana wogona bwino mukamudzutsa amakwiya, amakukankhani. Amene mukumugwedeza iye n'kungotsegula maso pang'ono n'kubwereranso, ameneyo sakugona tulo wamba.

Bwerezani kuyang'ana kuja kwa poyamba maola angapo alionse: maso, m'kamwa, khungu, mkodzo. Pitani kuchipatala chikaoneka chimodzi mwa zoopsa zija, chimbudzi chikamachulukirachulukira, kusanza kukapitirira tsiku lathunthu osachepa, kapena pakatha masiku atatu osaona kusintha. Ngakhale palibe chimene mungaloze koma mtima wanu ukukuuzani kuti mwanayu si iye, pitani. Nyamulani botolo la ORS, supuni, matewera, buku lake la kuchipatala ndi mankhwala alionse amene wamwa. Ngati munaona magazi, jambulani thewera lake pafoni kapena litengeni m'pulasitiki.

Zikapitirira, ndi zikatha

Kutsegula m'mimba kofika masiku 14 si kosamaliranso pakhomo ngakhale mwana akuoneka wamphamvu. Pamafunika kuyeza, chifukwa kungakhale tizilombo ta m'matumbo monga giardia, vuto la kugaya zakudya, kapena matenda ena obisika.

Pali mtundu wina umene umazunguza makolo pachabe. Mwana wa chaka chimodzi mpaka zisanu amachita chimbudzi chofewa katatu kapena kasanu pa tsiku kwa miyezi, muli tizidutswa ta karoti kapena nyemba tosagayika, koma akudya, akusewera, sikelo ikukwera, usiku sachita. Kawirikawiri gwero lake ndi juwisi ndi zakumwa zotsekemera zambiri, pamodzi ndi chakudya chochepa mafuta. Mukachotsa juwisi n'kuonjezera mafuta pang'ono zimasintha, ndipo ana ambiri zimawathera asanayambe sukulu. Komabe amene anganene kuti ndi mtundu umenewu ndi dokotala atamuyeza ndi kuona sikelo, osati inu nokha.

Mwana akachira, chimbudzi chimatha kukhalabe chofewa kwa sabata imodzi kapena kuposerapo, ndipo si chodetsa nkhawa ngati akudya ndi kusewera. Njala imabwera yoopsa. Ipezereni mwayi: muonjezereni chakudya chimodzi pa tsiku kwa masabata awiri, ndipo mukamukweze sikelo kuti muone ngati wabwerera pamene anali. Ngati m'nyumbamo muli khanda, onani m'buku lake ngati lalandira katemera wa rotavirus, uja wodonthezera m'kamwa, amene WHO inalangiza maiko onse mu 2009. Amaperekedwa m'miyezi yoyambirira, choncho masiku ake asadutse.

Ndipo mapaketi amene mwagwiritsa ntchito abwezeretseni sabata yomweyo. Ine ndimasunga awiri a ORS ndi katoni kamodzi ka zinki pamalo ouma pomwe ana safikira, pamodzi ndi sirinji ndi botolo la lita imodzi limene ndinalemba mzere ndi cholembera chosafufutika. Kawiri pa chaka ndimaona tsiku lothera ntchito, ndipo paketi imene ufa wake wagwirana kapena wasanduka wachikasu ndimataya.